PHUNZIRO 17: PAMENE BUKU LOPATULIKA LIDASANDUTSIDWA GOLI

Kowerenga: Genesis 9:18-27, Eksodo 21:16, Filemoni 8-21

Vesi loloweza: Mateyu 7:12

Cholinga cha phunziro: Kuti aphunzitsi adziwe mmene Akhristu ena adapotozera Mau a Mulungu pofuna kuteteza ukapolo, aphunzire kuwerenga Buku Lopatulika moona mtima, ndipo athandize ana kuona chifanizo cha Mulungu mwa munthu aliyense, kuyambira munthu wogwira ntchito pakhomo pao.

MAU KWA MPHUNZITSI

Aphunzitsi anzanga, phunziro ili ndi lolemera, tsono ndikupemphani kuti muliwerenge kawiri kapena katatu musanaimirire pamaso pa ana. Tsiku lina mwana wa m'kalasi mwanu adzamva munthu akuti, "Ife akuda ndife otembereredwa, zidalembedwa m'Baibulo." Wina adzamva kuti Chikhristu ndi chipembedzo cha ogula anthu. Mwanayo adzabwera kwa inu ndi funso. Mukadzangoti, "Khala chete, zotere safunsa," iye adzakhaladi chete, koma funsolo adzapita nalo kwa ena amene adzamuyankha mokhota. Motero nkofunika kuti inu muyambe mwaidziwa bwino nkhaniyi.

Dziwaninso ichi pachiyambi pomwe. Anthu amene tikambe za iwo sadali akunja ai. Ambiri adali abusa ndi akulu a mpingo wa Chipresibeteriya monga ife. Ankasunga tsiku la Sabata, ankapemphera ndi mabanja ao m'mawa ndi madzulo, ankadziwa Chihebri ndi Chigriki. Ngati ophunzira otere adasochera, ife tisadziyese ochenjera.

1. DZIKO NDI NTHAWI YAKE

Kwa zaka zoposa 300, zombo za Azungu zidanyamula anthu pafupifupi 12.5 miliyoni kuchokera mu Africa kupita ku maiko a ku America. Ochuluka adapita ku Brazil ndi ku zisumbu za Caribbean, ena ku dziko limene tsopano ndi United States. Pa kalembera wa mu 1860 adapeza kuti m'dziko limeneli mudali akapolo pafupifupi 4 miliyoni, ambiri a iwo m'zigawo za kumwera, monga Virginia, South Carolina, Georgia ndi Mississippi. Ankalima thonje, fodya, mpunga ndi nzimbe. Thonje lokha linkabweretsa ndalama zoposa theka la ndalama zonse zimene dzikolo linkapeza pa katundu wogulitsa kunja.

Pamaso pa lamulo kapolo adali katundu ngati ng'ombe. Ukwati wake sunkawerengedwa. Mbuye wake akagwa m'ngongole ankatha kugulitsa mwamuna kwina, mkazi kwina, ana kwinanso. Mwana wobadwa kwa mdzakazi adali kapolo chibadwire. M'zigawo zambiri kuphunzitsa kapolo kuwerenga udali mlandu.

Anthu ena, akuda ndi oyera omwe, adayamba kufuula kuti zimenezi ndi tchimo. Eni akapolo sadakhale chete. Adafuna zifukwa zodzitetezera, ndipo zambiri adazipeza kwa abusa ao. Mkangano udakula mpaka mipingo idagawanika: Amethodisti mu 1844, Abaptisti mu 1845. Apresibeteriya a kumwera adapatuka mu 1861, chaka chimene nkhondo ya pachiweniweni idayamba. Nkhondoyo idatha mu 1865, ndipo chaka chomwecho ukapolo udathetsedwa ndi lamulo. Koma mpingo wa Chipresibeteriya wa kumwera ndi wa kumpoto udadzagwirizananso mu 1983, patapita zaka 122. Bala la tchimo silipola msanga.

2. ZIFUKWA ZISANU ZIMENE ANKAPEREKA

Chifukwa choyamba: temberero la Nowa. Iwo ankati Nowa adatemberera Hamu, Hamu ndiye kholo la anthu akuda, choncho Mulungu mwini adakonza kuti akuda akhale akapolo mpaka muyaya.

Tsegulani Genesis 9 muwerenge pang'onopang'ono. Amene adatembereredwa ndi Kanani, si Hamu. Pa Genesis 10:6 tiona kuti Hamu adali ndi ana anai: Kusi, Mizraimu, Puti ndi Kanani. Zidzukulu za Kanani zidakhala m'dziko la Kanani, kumene Aisrayeli adadzalowa pambuyo pake, osati kuno ku Africa. M'ndime yonseyo mulibe liu ngakhale limodzi lonena za khungu la munthu. Onaninso kuti wolankhula pamenepo ndi Nowa atadzuka ku vinyo wake. Nanga khungu lakuda lidalowamo bwanji m'nkhaniyi? Adalilowetsamo ndi anthu amene adali kale ndi akapolo akuda pakhomo.

Chifukwa chachiwiri: makolo a chikhulupiriro adali ndi akapolo. Ankati Abrahamu, bwenzi la Mulungu, adali nao, ndipo chilamulo cha Mose pa Levitiko 25:44-46 chidalola Aisrayeli kugula akapolo kwa mitundu ina.

Pano tisaname kwa ana. Nzoona kuti m'Chipangano Chakale mudali akapolo, ndiponso chilamulo chidaikapo malamulo m'malo mothetseratu. Koma kuti chinthu chalembedwa m'Buku sindiko kuti Mulungu akondwera nacho. Abrahamu yemweyo adatenga Hagara, Yakobo adali pa mitala, koma abusa a ku America aja sankalalika mitala. Ambuye Yesu pa Mateyu 19:8 adafotokoza kuti Mose adalola kusudzulana chifukwa cha kuuma mitima kwa anthu, koma pachiyambi sizidali chomwecho. Pachiyambi pali Genesis 1:27, pamene munthu aliyense adalengedwa m'chifanizo cha Mulungu. Ndiponso chilamulo cha Mose chomwecho chili ndi mau amene iwo ankawadumpha. Eksodo 21:16 alamula kuti wakuba munthu aphedwe, kaya wamgulitsa kaya ampeza ali naye. Deuteronomo 23:15-16 aletsa kubweza kapolo wothawa kwa mbuye wake. Kodi anthu a ku Africa aja adafika bwanji ku America ngati si mwa kubedwa?

Chifukwa chachitatu: Yesu sadaletse, ndipo Paulo adalamula akapolo kumvera. Aefeso 6:5 ndi Akolose 3:22 ndiwo mavesi amene akapolo ankawamva kawirikawiri pa guwa. Kalata ya Filemoni nayo ankaikonda, pakuti Paulo adabweza Onesimo kwa mbuye wake. Pamene boma lidakhazikitsa lamulo la 1850 lokakamiza anthu onse kuthandiza kugwira akapolo othawa, alaliki ena adati Paulo adachita chimodzimodzi.

Werengani Filemoni yense, pakuti ndi kalata yaifupi. Paulo adabwezadi Onesimo, koma sadamtumize ali m'unyolo. Adapempha Filemoni kuti amlandire monga mbale wokondedwa, osatinso monga kapolo, ndiponso kuti amlandire monga akadalandirira Paulo mwini. Adalonjeza kulipira yekha ngongole iliyonse ya Onesimo. Tsono dzifunseni: kodi munthu angagulitse mbale wake wokondedwa pa msika? Paulo yemweyo pa 1 Timoteo 1:9-10 aika akuba anthu pa mzere umodzi ndi ambanda ndi adama. Pa Aefeso 6:9 akumbutsa ambuye kuti nawonso ali ndi Mbuye kumwamba amene alibe tsankho. Pa Agalatiya 3:28 aphunzitsa kuti mwa Khristu kapolo ndi mfulu ali amodzi. Atumwi adali kagulu kochepa kozunzidwa pansi pa ufumu wa Roma, opanda mphamvu yosintha lamulo la Kaisara. Koma adabzala mbeu imene ikakula ukapolo sungaime.

Chifukwa chachinai: ukapolo uthandiza kapolo mwini. Mu 1837 John C. Calhoun wa ku South Carolina adauza nyumba ya malamulo kuti aleke kuuona ukapolo ngati choipa chongopirira, pakuti ndi chinthu chabwino ndithu. Iye ndi anzake ankati kapolo amadya, amabvala, amasamalidwa akadwala ndi akakalamba, ndipo koposa zonse wamva Uthenga Wabwino umene sakadaumva kwao. Mu 1858 James Henry Hammond adaonjeza kuti dziko lililonse lotukuka liyenera kukhala ndi gulu la anthu apansi ogwira ntchito zonyansa kuti apamwamba apeze mpata wotsogolera.

Yankho lake lili mu vesi lathu loloweza. Pa onse amene ankatamanda ukapolo, palibe ndi mmodzi yemwe amene adapempha kuti iye kapena mwana wake augwireko. Ngati udali wabwino, bwanji akapolo zikwizikwi ankathawa usiku, agalu ali pambuyo? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Za Uthenga Wabwino, nzoona kuti Mulungu adapulumutsa ambiri ali mu ukapolo, monga adatulutsira zabwino m'kugulitsidwa kwa Yosefe. Koma zimenezo sizidawayeretse abale ake a Yosefe. Aroma 3:8 atsutsa kotheratu maganizo oti tichite choipa kuti chabwino chibwere.

Chifukwa chachisanu: mpingo usalowerere. Ichi ndicho chifukwa cha Apresibeteriya makamaka. Mbusa James Henley Thornwell, mphunzitsi wa sukulu ya ubusa ku Columbia, South Carolina, ankaphunzitsa kuti ntchito ya mpingo ndi ya mzimu yokha, ndipo popeza Buku silidatchule ukapolo kuti tchimo, mpingo ulibe ufulu wakuutsutsa. Ndiye adalemba kalata yofotokozera mipingo ya pa dziko lonse maganizo amenewa pamene mpingo wa kumwera udakhazikitsidwa ku Augusta, Georgia, mu December 1861.

Komatu taonani. Woyamba kukhala pa mpando wa msonkhano umenewo adali mbusa Benjamin Palmer wa ku New Orleans, amene mu November 1860 adalalika pa guwa kuti Mulungu wapatsa anthu a kumwera udindo wosunga ndi kupitiriza ukapolo. Choncho kulankhula moteteza ukapolo kudali "za mzimu", koma kuutsutsa kudali "ndale". Mpingo umene ukhala chete pamene membala wake akugulitsa membala mnzake, wasankha kale mbali. Aneneri Amosi ndi Yesaya sadakhale chete pa za osauka, ndipo Yohane Mbatizi sadamuope Herode.

3. CHIDAWASOCHERETSA NCHIYANI?

Mu 1818 Msonkhano Waukulu wa Apresibeteriya a ku America udalengeza kuti kusunga anthu mu ukapolo nkosemphana ndi lamulo la Mulungu. Patapita zaka 40, ambiri a kumwera ankati ndi dongosolo la Mulungu. Buku Lopatulika silidasinthe pa zaka zimenezo. Chimene chidasintha ndi kukula kwa minda ya thonje ndi mtengo wa kapolo pa msika. Iwo adapita ku Buku thumba litagamula kale mlandu, ndipo ankangofuna mboni.

Kachitidwe kao kadali kotola vesi limodzi ndi kutseka maso pa ena. Chitsanzo choonekeratu ndi buku limene lidasindikizidwa ku London mu 1807 kuti akapolo a ku zisumbu za Caribbean aziwerenga. Lidali Baibulo lodulidwa. Nkhani ya Aisrayeli kutuluka mu ukapolo ku Ejipito adaichotsamo, Agalatiya 3:28 adachotsamo, koma Aefeso 6:5 adamsiya. Odulawo ankadziwa bwino chimene Buku lathunthu lingachite m'mtima wa kapolo. Ndipo lidachitadi, chifukwa akapolo amene adamva za Mose ndi Farao sadakhulupirire kuti Mulungu ali ku mbali ya mkwapulo.

4. NKHANIYI NDI YATHUNSO

Mwina mukuti izi nza kutali. Iai, zikutikhudza pa njira zitatu.

Njira yoyamba ndi ya mipingo imene idatibweretsera Uthenga. Mpingo wa Free Church of Scotland udayamba mu 1843 ulibe nyumba zopemphereramo, ndipo nthumwi zake zidapita ku America kukapempha thandizo. Zina mwa ndalama zimene adalandira zidachokera ku mipingo ya eni akapolo. Mu 1846 Frederick Douglass, amene adathawa ukapolo mu 1838, adayenda m'mizinda ya ku Scotland akudandaulira mpingowo kuti ubweze ndalamazo. Sudabweze. Koma mpingo womwewo ndiwo udatumiza Dr. Robert Laws ndi anzake ku Cape Maclear mu 1875, ndipo china mwa zolinga zao chidali kuthetsa malonda a akapolo pa nyanja yathu. Mulungu amagwiritsa ntchito ziwiya zadothi.

Mishoni ya Dutch Reformed Church idafika ku Mvera mu 1889 ndi abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, ndi ku Nkhoma mu 1896. Tiyamika Mulungu chifukwa cha sukulu, zipatala ndi Buku Lopatulika la m'chinenero chathu la mu 1922. Koma tisabise kuti ku South Africa mpingo womwewo udalola mu 1857 kuti oyera ndi akuda azipembedza padera, ndipo pambuyo pake akatswiri ake ena adateteza tsankho la apartheid ndi nkhani ya nsanja ya Babele ya pa Genesis 11. Adatenganso theka lachiwiri la Machitidwe 17:26, lonena za malire a pokhala mitundu, naiwala theka loyamba lakuti mitundu yonse idachokera kwa munthu mmodzi. Mu 1982 msonkhano wa mipingo ya Reformed ya pa dziko lonse ku Ottawa udagamula kuti chiphunzitso chimenechi nchonyenga, ndipo mu 1986 mpingo wa Dutch Reformed Mission Church udalandira Chibvomerezo cha Belhar chotsutsa tsankho. Ku Rustenburg mu 1990 Profesa Willie Jonker adaimirira nalapa poyera m'dzina la mpingo wake. Kachitidwe kadali komwe kaja: vesi limodzi m'manja, maso otseka pa ena.

Njira yachiwiri ndi ya makolo athu. Malonda a akapolo kuno sadachitidwe ndi alendo okha. Jumbe ku Nkhotakota ankaolotsa anthu pa nyanja ndi zombo za matanga kupita ku Kilwa ndi Zanzibar. Mlozi adabvutitsa Angonde ku Karonga mpaka pamene adaphedwa mu 1895. Makanjira ndi Mponda adali ndi njira zao kumwera kwa nyanja. Koma anthu ogulitsidwawo ankachokera m'midzi, ndipo kawirikawiri owapereka adali mafumu ndi eni mbumba a mitundu yathu yomwe, posinthana ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Munthu ankaperekedwa kulipira mlandu wa mbale wake, wina ankagulitsidwa nthawi ya njala. Nawonso adali ndi zifukwa zao: uyu ngwamlandu, uyu ngobwera, uyu alibe mwini. Musalole ana kuloza chala mtundu umodzi kapena chipembedzo chimodzi.

Mu July 1861 Dr. David Livingstone ndi Bishopu Mackenzie adakumana ndi mdipiti wa akapolo 84 pa mudzi wa Mbame, nadula magoli m'makosi mwao. Omasulidwawo adakakhala ku Magomero. Chaka chimenecho ndi chomwe chija abusa a ku America adasonkhana ku Augusta kuteteza ukapolo. Buku lidali limodzi, koma ena adadula nalo goli, ena adalisandutsa goli. Ndipo patapita zaka 50, Magomero yemweyo adali esiteti ya A.L. Bruce, mdzukulu wa Livingstone, kumene anthu ankalira ndi thangata. Mbusa John Chilembwe, amene adaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia pakati pa ana a akapolo omasulidwa, adaona kuti dzina lasintha koma goli likadalipo. Kuukira kwa mu January 1915 kudabuka pamenepo.

Njira yachitatu ndi ya makomo athu.

5. PAKHOMO PANU NDI PANGA

Malamulo aakulu a dziko lathu a mu 1994 aletsa ukapolo pa ndime 27, ndipo mu 2015 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loletsa kuzembetsa anthu. Komabe mu 2024 wailesi ya BBC idaulutsa nkhani ya amai a ku Malawi amene adalonjezedwa ntchito zabwino ku Oman, koma atafika adalandidwa mapasipoti nagwiritsidwa ntchito m'nyumba usana ndi usiku, ena akumenyedwa. Tonse tidakwiya pomva zimenezi. Koma tisanathamangire ku Oman, tiyambe tasuzumira m'khitchini mwathu.

Imani m'mamawa pa mseu wa pakati pa Mtandire ndi Area 47. Mudzaona amai ndi abambo akuyenda mofulumira kukatsegula mageti, kukachapa, kukathirira maluwa ndi kukalera ana a eni. Pitani ku depoti ya mabasi ku Old Town, mudzaona kamtsikana katanyamula kathumba, kakudikira "azakhali" amene sikadawaonepo. Ku Area 10, Area 12 ndi Area 43 kuli nyumba zabwino za Akhristu okhulupirika amene amagwira ntchito ku City Centre ndi ku Capital Hill. Kulemba munthu ntchito si tchimo, ndipo mabanja ambiri amasunga antchito ao mwaulemu, amawalipira pa nthawi yake, ena amaphunzitsa ndi ana ao omwe. Wantchito wolipidwa amene angathe kusiya ntchito si kapolo, ndipo tisachepetse masautso a akapolo enieni powayerekeza ndi chilichonse. Koma tcherani khutu ku zimene timalankhula, muone ngati simukuzizindikira:

"Kwao akadagona ndi njala, kuno akudya katatu."

"Malipiro a chiyani, pakuti ndi mwana wa pakhomo pano?"

"Anthu amenewa ukawapatsa ufulu amakula mtima."

"Sukulu sangaithe ameneyu, mutu wake ngouma."

"Izi nza m'nyumba mwanga, mpingo zisaukhudze."

Kodi si zifukwa zija za Calhoun, Hammond ndi Thornwell zitabvala chitenje?

Ine wolemba phunziroli sindiyera pa nkhaniyi. Nditangotuluka ku koleji ya uphunzitsi ndi kukwatira, tidatenga mtsikana wa zaka 11 kwa achibale kumudzi kuti akhale mlezi wa mwana wathu woyamba. M'mawa uliwonse ine ndinkapita kukaphunzitsa ana a eni kuwerenga, iye nkutsala ndi mwana kumbuyo. Mtima ukandifunsa ndinkauyankha kuti tikumthandiza, pakuti adali ndi bulangete ndi nsapato zimene kwao sakadaziona. Ndinkati adzayamba sukulu chaka cha mawa. Adakhala nafe zaka zinai, nabwerera kumudzi nakwatiwa. Patapita zaka zambiri tidakumana pa maliro. Atatha kundipatsa moni mwaulemu, adatulutsa kalata pa mfundo ya nsalu nati, "Aphunzitsi, mundiwerengereko, yachokera kwa mwana wanga ku Joni." Ndidaiwerenga kalatayo mau akunjenjemera. Ine amene ndidaphunzitsa ana mazanamazana ndidalephera kuphunzitsa mmodzi amene ankagona m'nyumba mwanga. Sindidammenyepo, sindidamtukwanepo, koma ndidamdyera ubwana wake, ndipo zifukwa ndidali nazo zomveka bwino. Ndidampempha chikhululukiro tsiku lomwelo ndipo adandikhululukira, koma zaka zake za sukulu sindidathe kumbwezera.

Akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Yakobo 5:4 achenjeza kuti malipiro a antchito amene tawamana amafuula, ndipo kulira kwao kumafika m'makutu a Ambuye. Akolose 4:1 alamula olemba ntchito kuchitira antchito ao zolungama ndi zoyenera. Tsono mphunzitsi aliyense adzifunse asanapite kukaphunzitsa: Kodi wantchito wanga ndimamlipira mokwanira ndi pa tsiku lake? Kodi ali ndi tsiku lopuma? Kodi amadya chimene ife tidya? Ngati ndi mwana, kodi ali pa sukulu? Pa Sabata, pamene ife tili m'tchalitchi kuimba, iye ali kuti?

KAPHUNZITSIDWE

Kwa ana aang'ono: Musawalemetse ndi maina ndi zaka. Afotokozereni nkhani ya Onesimo ngati nthano: adathawa, adakumana ndi Paulo m'ndende, adakhulupirira Yesu, adabwerera ndi kalata yomutcha mbale. Afunseni maina a anthu amene amawathandiza pakhomo. Ana ambiri sadziwa dzina lenileni la mlonda wao. Aphunzitseni kuti wantchito wamkulu ndi "achimwene", "achemwali", "amalume" kapena "amai", ndipo samtuma mokalipa.

Kwa ana okulirapo: Agaweni m'magulu atatu. Gulu loyamba liwerenge Genesis 9:18-27 lipeze amene adatembereredwa. Lachiwiri liwerenge Aefeso 6:5-9 lipeze zimene alamulidwa ambuye. Lachitatu liwerenge Filemoni lipeze maina onse amene Paulo amutchula nao Onesimo. Asiyeni apeze okha, pakuti chimene mwana wapeza yekha saiwala. Pomaliza apatseni malangizo atatu owerengera Buku. Loyamba, werenga ndime yonse, osati vesi limodzi. Lachiwiri, yerekeza ndi zimene Buku lonse liphunzitsa, makamaka moyo ndi mau a Yesu. Lachitatu, ukaona kuti tanthauzo limene wapeza likupindulitsa iwe ndi kupweteka mnzako, bwerera ukawerengenso.

Chenjezo: M'kalasi mwanu mungakhale mwana wa bwana ndi mwana wantchito wa pakhomo lomwelo. Musatchule banja la munthu, musachititse mwana aliyense manyazi. Ngati mwana akuululirani kuti akuzunzidwa kapena akuletsedwa sukulu, musazisunge nokha ndiponso musakayambane ndi eni nyumba. Kambiranani ndi abusa ndi akulu a mpingo, ndipo ngati pali nkhanza, nkhaniyo ifike kwa a zosamalira anthu kapena ku polisi.

MAFUNSO

1. Ndani adatembereredwa pa Genesis 9, ndipo zidzukulu zake zidakhala kuti?

2. Tchulani mavesi awiri a m'chilamulo cha Mose amene oteteza ukapolo ankawadumpha.

3. Kodi Paulo adapempha Filemoni kuti amlandire bwanji Onesimo?

4. Nchifukwa chiyani osindikiza Baibulo la akapolo la mu 1807 adachotsamo nkhani ya kutuluka ku Ejipito?

5. Kodi pali nthawi imene mpingo uyenera kulankhula pa zochitika m'nyumba za Akhristu ake? Fotokozani.

6. Ndi chinthu chimodzi chiti chimene mungasinthe pakhomo panu sabata ino chifukwa cha Mateyu 7:12?

PEMPHERO

Atate wathu wakumwamba, Inu mudatulutsa Aisrayeli m'nyumba ya ukapolo, ndipo mwa Mwana wanu mudatimasula ku uchimo. Tikhululukireni pamene tafuna m'Buku lanu mau otikomera ife tokha. Tsegulani maso athu kuti tione chifanizo chanu mwa mlonda, mwa mlezi ndi mwa mwana wamasiye. Kumbukirani ana a dziko lino amene ali m'manja mwa anthu ankhanza, kuno ndi kunja. Tipatseni ife aphunzitsi mtima woona, kuti chimene tiphunzitsa pa Sabata chioneke m'makomo mwathu pa Lolemba. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.